KOMPYUTA NAYO IMAFUNA MPHEPO

Nyengo yotentha

Tonsefe tidziwa m'mene kumatenthera kuno ku Milange m'miyezi ya Okotobala ndi Novembala. Udzu umauma. Fumbi limachuluka m'misewu. Masana kutentha kumapitirira madigiri 30, ndipo m'nyumba ya malata munthu sakhazikika.

Nyengo imeneyi ndiyonso ya malonda. Alimi akolola nandolo, ndipo ogula akuyeza matumba pa sikelo. Nandolo wathu amayenda ulendo wautali mpaka ku India. Magulu a alimi ayenera kulemba dzina la mlimi aliyense, makilogalamu amene wabweretsa, ndi ndalama zimene alandire. Kale zonsezi tinkalemba m'kope. Lero magulu ena amazisunga m'kompyuta.

Makompyuta tikuwaonanso m'sukulu, m'zipatala, m'maofesi a boma ndi m'timasitolo momwe timalembetsa makalata. Ambiri si atsopano ayi. Adagwirapo kale ntchito kwina. Ena adafika kuno kudzera ku Quelimane ndi Mocuba. Ena adachokera ku Limbe, nalowera pa chipata cha Muloza.

Kodi kompyuta ikatentha kwambiri imatani? Poyamba imachita ulesi ngati ng'ombe yotopa. Kenaka imayamba kusokosa. Potsiriza imangozima yokha ntchito ili m'kati. Zimene timalemba zimatayika, ndipo alimi amabwerera kwawo osalandira ndalama tsiku limenelo. Zikamachitika kawirikawiri, zipangizo za m'kati zimafooka ndi kufa msanga.

Mankhwala a vutoli ndi mphepo. M'phunziro lino tiona m'mene tingaikire fani yoonjezera, pamodzi ndi chowongolera liwiro lake, m'kompyuta ya bokosi, ija yokhala pa tebulo. Ntchitoyi si yovuta. Koma imafuna munthu wowerenga manambala mofatsa ndi wosiyanitsa mitundu ya mawaya.

Kutentha kumachokera kuti?

Chilichonse chogwira ntchito chimatentha. Munthu akamalima amatuluka thukuta. Injini ya chigayo imatentha, nchifukwa chake pambali pake pamakhala mgolo wa madzi. Injini ya njinga yamoto imazizira ndi mphepo ya pa msewu.

M'kati mwa kompyuta muli bolodi lalikulu limene amisiri amalitcha motherboard. Pa bolodi limeneli pali kachipangizo kotchedwa purosesa. Kukula kwake n'kofanana ndi kabokosi ka machesi, koma ndiko kamachita masamu onse. Magetsi amene kamadya amasanduka kutentha.

Mphamvu imene chipangizo chimadya timayeza mu mawati. Tikumbukire babu lakale lija la mawati 60. Likayaka kanthawi, sitingaligwire ndi dzanja. Mapurosesa ambiri a masiku ano amadya mawati 65, ena kuposa pamenepo.

Kale sizinali choncho. Kompyuta ya pa tebulo imene kampani ya IBM idatulutsa ku America m'chaka cha 1981 inali ndi fani imodzi yokha. Purosesa yake inalibe fani, chifukwa inkadya magetsi ochepa. Mapurosesa atayamba kugwira ntchito mwachangu, kutentha nako kudakula. Lero pamwamba pa purosesa amaikapo chitsulo cha mano ngati chipeso. Pamwamba pa chitsulocho pamakhala fani.

Kutentha timayeza mu madigiri. Thupi la munthu wosadwala limakhala pa madigiri 37. Madzi amawira pa madigiri 100. Purosesa ikamagwira ntchito pa madigiri 40 mpaka 70, ili bwino. Ikamakhala pamwamba pa 80 nthawi zonse, tiyenera kuchitapo kanthu. Ikayandikira 100, imadzichepetsera liwiro, kapena imazimitsa kompyuta kuti isapse.

Makompyuta ambiri amatha kutiuza kutentha kwa purosesa. Tikangoyatsa, tidine batani lolembedwa Del kapena F2. Pamatuluka tsamba lotchedwa BIOS, ndipo pamenepo timaona nambala ya madigiri. Tingowerenga nambalayo ndi kuilemba m'kope. Zina zonse za pa tsambalo tisasinthe.

Mphepo ikhale ndi njira

Tiganizire khitchini yopanda zenera. Moto ukayaka, utsi umangozungulira momwemo. Ngakhale tikupize ndi lichero, maso amawawabe. Koma tikatsegula chitseko ndi kuboola zenera cha kumwamba, utsi umapeza njira n'kutuluka.

Bokosi la kompyuta lili chimodzimodzi. Fani ya purosesa imachotsa kutentha pa chitsulo chija, koma imakusiya m'bokosi momwemo. Pafunika fani ina yokutulutsira kunja.

Lamulo lake ndi ili: mphepo yozizira ilowe kutsogolo, cha m'munsi. Mphepo yotentha ituluke kumbuyo, cha kumwamba. Timatero chifukwa mpweya wotentha umakwera, monga utsi umachitira.

Tikakhala ndi fani imodzi yoonjezera, tiiike kumbuyo kuti izitulutsa mphepo. Tikakhala ndi ziwiri, yachiwiriyo ikhale kutsogolo kuti izilowetsa. Zonse ziwiri zikamauzirana mphepo moyang'anizana, zimalimbana ngati anthu awiri okankha ngolo imodzi, wina kutsogolo, wina kumbuyo.

Nanga tidziwa bwanji kumene fani ikuuzira? Mafani ambiri ali ndi timivi tiwiri m'mbali. Kena kamaonetsa kumene mapiko akuzungulirira. Kena kamaonetsa kumene mphepo ikupita. Ngati timivi palibe, tiyang'ane mbali imene ili ndi timipiringidzo togwira injini ya fani. Kawirikawiri mphepo imatulukira mbali imeneyo.

Tisanagule fani

Tisathamangire kusitolo. Nthawi zina kompyuta imatentha pa zifukwa zosafuna ndalama. Tiyambe tafunsa mafunso anayi awa.

Choyamba, kodi m'bokosi muli fumbi? Fumbi likadzaza m'mano a chitsulo chija, limakhala ngati bulangeti.

Chachiwiri, kodi mafani amene alimo kale akuzungulira? Ngati fani ya purosesa yafa, tisinthe imeneyo poyamba. Fani yoonjezera siingalowe m'malo mwake.

Chachitatu, kodi bokosi laima pati? Lisagunde khoma. Kumbuyo kwake kukhale mpata wolowa chikhatho chotambasula. Lisakhale m'kabati yotseka kapena pa zenera pomwe dzuwa likuwomba. Nsalu yophimbira tizichotsa tisanayatse.

Chachinayi, kodi phala la pakati pa purosesa ndi chitsulo lidauma? Pamenepa amapakapo kaphala kotuwa kothandiza kutentha kuwoloka. Pakapita zaka kamauma. Mmisiri angathe kupukuta kakaleko ndi kupaka katsopano.

Zonsezi zikakhala bwino koma kompyuta n'kumatenthabe, pamenepo tigule fani.

Tiwerenge zolembedwa pa fani

Pakati pa fani iliyonse pali kapepala komata. Tiwerenge kapepala kameneka tisanapereke ndalama. Mwachitsanzo, pangalembedwe motere:

DC 12V 0.20A

DC ndi magetsi oyenda mbali imodzi, monga a m'batire. Fani ya kompyuta iyenera kukhala ya DC. Fani yolembedwa AC 220V ndi ya magetsi a pa khoma. Imeneyo tisailumikize m'kompyuta.

V ndi mavoliti. A ndi maampu. Tiganizire madzi oyenda m'ngalande ya kudimba. Mavoliti ali ngati mphamvu imene ikukankha madziwo. Maampu ali ngati kuchuluka kwa madzi amene akudutsa. Motero fani yathuyi imafuna mavoliti 12, ndipo imamwa maampu 0.20.

Tikachulukitsa mavoliti ndi maampu timapeza mawati: 12 × 0.20 = 2.4. Fani imeneyi ikayenda maola 10 pa tsiku kwa masiku 30, siimaliza ngakhale yuniti imodzi ya Credelec. Choncho tisaope kuti fani itithera magetsi.

Mafani ali ndi misinkhu yosiyana. Odziwika kwambiri ndi a mamilimita 80, 92 ndi 120. Kumbuyo kwa bokosi kuli malo a timabowo tambirimbiri, ndipo m'makona mwake muli mabowo anayi omangirapo. Tiike pepala pamenepo ndi kuboola mabowo anayiwo ndi pensulo. Pepalalo tipite nalo kusitolo, kuti tikayerekeze ndi mabowo a fani. Ngati bokosi likulola, tisankhe fani yaikulu. Fani yaikulu imakankha mphepo yambiri ngakhale ikuzungulira pang'onopang'ono, ndipo siisokosa.

Mitundu ya mawaya

Magetsi amene kampani ya EDM imatipatsa pa khoma ndi a mavoliti 220. Amenewa ndi oopsa, angathe kupha munthu. M'kompyuta muli kabokosi kachitsulo kamene amisiri amakatcha power supply. Ife tikatcha kabokosi ka magetsi. Ntchito yake ndi kuchepetsa mavoliti 220 kuti akhale 12, 5 ndi 3.3.

M'chaka cha 1995 kampani ya Intel idakhazikitsa kapangidwe ka makompyuta kotchedwa ATX, ndipo opanga ambiri adakatsata. Nchifukwa chake mawaya ochokera m'kabokosi ka magetsi amakhala ndi mitundu yofanana m'makompyuta ambiri:

Wachikasu: mavoliti 12.
Wofiira: mavoliti 5.
Wa mtundu wa lalanje: mavoliti 3.3.
Wakuda: wobwererapo magetsi.

Tsopano tione mawaya a fani. Fani ya mawaya awiri ili ndi wofiira ndi wakuda. Fani ya mawaya atatu ili ndi wofiira, wakuda, ndi wina, kawirikawiri wachikasu.

Wofiira wa fani: umalandira mavoliti 12.
Wakuda wa fani: wobwererapo magetsi.
Wachikasu wa fani: umangouza kompyuta liwiro la fani.

Apa ndi pamene pali msampha. Munthu wosadziwa amati wofiira apite kwa wofiira, wachikasu apite kwa wachikasu. Kumeneko n'kulakwa. Wofiira wa kabokosi ali ndi mavoliti 5 okha, motero fani imayenda mofooka, kapena siidzuka n'komwe. Ndipo tikalowetsa mavoliti 12 m'waya wachikasu wa fani, faniyo ingathe kuonongeka.

Tiloweze pamtima: wofiira wa fani apite kwa wachikasu wa kabokosi. Wakuda apite kwa wakuda.

Pali malo awiri pomwe tingatengepo magetsi a fani.

Malo oyamba ali pa bolodi lalikulu. Tifunefune timano titatu kapena tinayi toimirira, tolembedwa pambali kuti SYS_FAN kapena CHA_FAN. Pulagi ya fani imalowa pamenepo mbali imodzi yokha, choncho siisokoneza. Malo olembedwa CPU_FAN ndi a fani ya purosesa. Amenewo tisakhudze. Pa mabolodi ambiri, malo amodzi otere amapirira ampu imodzi basi. Tisadzazepo mafani ambiri.

Malo achiwiri ndi pulagi ya mabowo anayi yochokera m'kabokosi ka magetsi, yotchedwa Molex. Kawirikawiri imakhala yoyera. Ili ndi waya wachikasu, akuda awiri, ndi wofiira. Makompyuta ena atsopano alibe pulagi imeneyi. Ali ndi ina yakuda, yopyapyala, yotchedwa SATA. Pali kachingwe kolumikizira SATA ku fani, ndipo amisiri amakadziwa.

Makompyuta ena aang'ono a m'maofesi, monga ena a Dell ndi HP, ali ndi mapulagi ndi mitundu ya mawaya yawoyawo. Tikaona kuti zimene zili m'bokosi lathu sizikufanana ndi zimene tawerenga pano, tisaganizire. Tipite kwa mmisiri kuti ayeze ndi mita yake. Paja safunsa adadya phula.

Chowongolera liwiro

Kodi n'chifukwa chiyani tifuna kuwongolera liwiro la fani? Bwanji osangoisiya ithamange?

Zifukwa zilipo zitatu. Fani yothamanga kwambiri imasokosa, ndipo m'kalasi kapena mu ofesi anthu samvana bwino. Fani yothamanga imakoka fumbi lambiri. Fani yothamanga usana ndi usiku imatha msanga.

Chowongolera liwiro chimagwira ntchito ngati mpopi wa madzi. Chili ndi kabatani kopotokola. Tikapotokolera mbali imodzi, fani imalandira mavoliti 12 onse ndipo imathamanga. Tikapotokolera mbali inayo, mavoliti amatsika, mwina kufika pa 7 kapena 5, ndipo fani imayenda pang'onopang'ono.

Chipangizochi chimakhala pakati pa njira. Magetsi amachoka m'kabokosi, amalowa m'chowongolera, kenaka amafika ku fani. Motero chili ndi mbali ziwiri. Mbali yolowera magetsi amalembapo IN. Mbali yopita ku fani amalembapo OUT kapena FAN. Nachonso chili ndi malire ake, olembedwa mu mawati kapena mu maampu. Nambala ya pa chowongolera ikhale yaikulu kuposa ya pa fani.

Ena amachotsa kabatani kokwezera mawu pa wailesi yakufa, nati kagwira ntchito yomweyo. Ayi. Kabatani ka wailesi adakapangira timagetsi tochepa kwambiri. Tikakaika pa fani, kamatentha ndi kupsa. Tigule chowongolera chopangidwira fani.

Palinso mafani a mawaya anayi. Waya wachinayi ndi wolandirira malamulo kuchokera ku bolodi. Fani yotere ikalowa pa timano tinayi, kompyuta imaiwongolera yokha. Kukatentha imaithamangitsa, kukazizira imaichepetsa. Amene ali ndi fani yotere ndi bolodi lotere safunika kugula chowongolera.

Tisamale moyo wathu

Tisanatsegule bokosi, tikumbukire malamulo awa.

Tizimitse kompyuta ndi kuzula pulagi pa khoma. Kuzimitsa kokha sikukwanira.

Titazula, tidine batani loyatsira kwa kanthawi, kuti magetsi otsalira athe.

Kabokosi ka magetsi tisakatsegule, zivute zitani. M'kati mwake muli zipangizo zimene zimasunga magetsi oopsa ngakhale pulagi itazulidwa. Fani ya m'menemo ikafa, imeneyo ndi ntchito ya mmisiri.

Manja akhale ouma. Tisanagwire bolodi, tikhudze chitsulo cha bokosi. Thupi lathu limasunga timagetsi, tija timathetheka tikamavula juzi usiku m'nyengo youma. Ife satipweteka, koma angathe kupha purosesa.

Kumbuyo kwa makompyuta ena akale kuli kabatani kofiira kolembedwa 115 ndi 230. Kuno kwathu kayenera kukhala pa 230. Nambala ya 115 ndi ya maiko monga America. Tikakasunthira pa 115 n'kuyatsa, kabokosi ka magetsi kamapsa nthawi yomweyo.

Ana aang'ono akhale patali, chifukwa timabawuti n'tosavuta kumeza.

Kagwiridwe ka ntchito

Tisonkhanitse zida izi: fani, timabawuti take tinayi, chowongolera liwiro, sikuludiraiva, tepi yakuda ya magetsi, timawaya tomangira, ndi mbale yoikamo timabawuti. Tigwire ntchitoyi masana, pa tebulo loyera.

1. Timasule timabawuti ta kumbuyo ndi kuchotsa chivundikiro cha m'mbali. Bokosi tiligoneke kuti bolodi liyang'ane kumwamba.

2. Tichotse fumbi lonse ndi burashi youma.

3. Tiike fani m'kati mwa bokosi, pa timabowo ta kumbuyo. Muvi wa mphepo uloze kunja.

4. Timange timabawuti tinayi. Tiyambe kona imodzi, kenaka kona yopingasana nayo. Tisamangitse kwambiri, pulasitiki ingasweke.

5. Tipeze malo a chowongolera. Zina zimamangidwa kumbuyo kwa bokosi, zina kutsogolo. Kabatani kakhale kunja, pomwe dzanja lingafike. Pansi pa chowongolera pasakhudze chitsulo cha bokosi.

6. Pulagi ya fani tiilowetse pa OUT.

7. Mbali ya IN tiilumikize ku Molex, kapena pa timano ta SYS_FAN, malinga ndi pulagi imene chowongolera chili nayo. Pulagi ikakana kulowa, tisakakamize. Tiitembenuze ndi kuyang'ananso.

8. Zowongolera zina zilibe mapulagi, zili ndi mawaya awiri okha. Chotere chimakhala pa njira ya mavoliti 12. Wachikasu wa Molex apite ku waya wa IN. Waya wa OUT apite kwa wofiira wa fani. Wakuda wa fani apite kwa wakuda wa Molex. Waya wachitatu wa fani timukulunge ndi tepi payekha.

9. Polumikiza paliponse tipote mawaya zolimba ndi kukulunga tepi, kuti pasaoneke mkuwa ngakhale pang'ono. Ngati mmisiri ali pafupi, awotcherere ndi mtovu. Waya wamaliseche akakhudza chitsulo amachita shoti, ndipo shoti ingathe kuononga kabokosi ka magetsi ndi bolodi lomwe.

10. Mawaya onse tiwamange pamodzi ndi kuwakokera m'mbali, kuti asagunde mapiko a fani ndi kuti asatseke njira ya mphepo.

Tikatha, tisafulumire kuyatsa. Tiitane mnzathu kuti aonenso mawaya, ife tikuwerenga lamulo lija mokweza. Maso awiri saona zonse.

Kuyesa

Chivundikiro chisanabwerere, tipotokole kabatani kufika pa liwiro lonse. Tilowetse pulagi pa khoma ndi kuyatsa. Manja akhale kunja kwa bokosi.

Kodi fani yatsopano ikuzungulira? Kodi ya purosesa nayo ikuzungulira? Tikamva fungo la chinthu chopserera, kapena tikaona utsi, tizule pulagi msangamsanga.

Titenge nthenga ya nkhuku ndi kuiyandikiza kumbuyo kwa bokosi, cha kunja. Nthenga ikamathawa, ndiye kuti mphepo ikutuluka, zili bwino. Ikamakakamira pa timabowo, fani yaikidwa chozondoka. Tizimitse, tizule pulagi, timasule faniyo ndi kuitembenuza. Tisayese kusinthanitsa mawaya. Fani ya kompyuta siibwerera m'mbuyo ndi kusintha mawaya. Imangoima, kapena imaonongeka.

Tsopano tichepetse liwiro pang'onopang'ono, maso ali pa fani. Pa zowongolera zina, tikatsitsa kwambiri fani imaima. Pamenepo n'poopsa, chifukwa tikatseka bokosi sitidzaona kuti yaima.

Palinso china. Tonse tidziwa njinga yonyamula matumba a chimanga kupita ku msika. Kuti inyamuke pamafunika mphamvu zambiri, koma ikayamba kuyenda imapepuka. Fani nayo imatero. Ingathe kumazungulira pa mavoliti ochepa, koma mawa poyatsa n'kulephera kudzuka. Choncho tisiye kabatani pa liwiro lotsika, tizimitse kompyuta, ndi kuyatsanso. Fani ikadzuka yokha, malo amenewo ndi abwino. Ikapanda kudzuka, tikweze pang'ono ndi kuyesanso. Tikapeza malo oyenera, tilembepo kamzere ndi utoto. Aliyense wogwiritsa ntchito kompyutayo adziwe kuti kabatani sikatsika kupitirira kamzereko.

Pomaliza tibwezere chivundikiro. Ena amasiya bokosi lotsegula poganiza kuti lizizira bwino. Koma bokosi lotsegula limasokoneza njira ya mphepo, ndipo limaitana fumbi, mphemvu ndi makoswe.

Kompyuta igwire ntchito ola limodzi. Kenaka tionenso madigiri pa tsamba la BIOS, ndi kuyerekeza ndi nambala ija tidalemba m'kope poyamba. Nambala ikatsika, ntchito yathu yapindula.

Liwiro liyende ndi nyengo

Kuno kwathu nyengo zimasiyana kwambiri. M'miyezi ya Juni ndi Julayi kumabwera chiperoni, mphepo yozizira ya nkhungu ndi mvula yowaza. Dzina limeneli lidachokera ku phiri la Chiperone, limene lili m'boma lathu lino la Milange. Anzathu a ku Mulanje, Thyolo ndi Blantyre nawo amaitcha dzina lomwelo. M'nyengo imeneyi tingathe kutsitsa kabatani kufika pa kamzere kaja.

Kuyambira Seputembala dzuwa limakula. Tikweze liwiro. Mu Okotobala ndi Novembala, makamaka masana, kabatani kakhale pa liwiro lonse. Phokoso la fani n'lopiririka kusiyana ndi kutaya kaundula wa alimi.

Tizionanso kukula kwa ntchito. Kulemba kalata ndi ntchito yopepuka. Kukonza zithunzi ndi mafilimu ndi ntchito yolemetsa, ndipo purosesa imatentha kwambiri. Ntchito ikakula, liwiro likwere.

Vuto la chowongolera cha pamanja ndi kuiwala. Munthu amatsitsa mu Julayi, ndipo Okotobala amafika kabatani kali pomwepo. Tilembe kapepala ndi kukamata pa khoma pafupi ndi kompyuta: KUKATENTHA, KWEZANI FANI.

Walira mvula walira matope

Tafuna mphepo yambiri, ndiye tilandirenso fumbi lambiri. Fani yoonjezera imatipatsa ntchito yoonjezera.

Bokosi lisakhale pansi. Fumbi lambiri limayenda m'munsi, makamaka posesa. Monga timakweza nkhokwe pa miyala, tikwezenso kompyuta pa tebulo kapena pa benchi. Tisanasese, tiwaze madzi pansi, ndipo kompyuta ikhale yozimitsa.

Kutsogolo, kumene mphepo imalowera, tingamatepo kachidutswa ka neti yakale yoteteza udzudzu, yotha ntchito ndi yochapa bwino. Kamagwira ubweya, tizilombo ndi zinyalala. Koma tizikakutumula sabata iliyonse, chifukwa kakadzaza kamatseka mphepo. Kumbuyo, kotulukira mphepo, tisaikeko kanthu.

M'nyengo ya fumbi titsegule bokosi kamodzi pa mwezi. Tizule pulagi, tilitulutse panja, ndi kuliuzira ndi pampu ya njinga. Pouzira tigwire mapiko a fani ndi chala kuti asazungulire mopitirira muyeso. Tisauzire ndi pakamwa, chifukwa malovu amaononga bolodi. Madzi ndi nsalu yonyowa zisalowe m'bokosi.

Makutu nawo agwire ntchito. Fani yabwino imalira mofanana nthawi zonse. Ikayamba kukhuluza kapena kugogoda, ndiye kuti waya akugunda mapiko, kapena faniyo yakalamba. Tiisinthe isanaime.

Ngakhale titasamala chotani, makina ndi makina. Tsiku lina adzafa ndithu. Choncho mayina, makilogalamu ndi ndalama za gulu tizikopera pa fulashi kumapeto kwa sabata iliyonse. Zofunika kwambiri tizisindikiza pa pepala ndi kusunga kwa mlembi. Madzi akatayika saoleka.

Tiwerenge ndi kulemba mawu awa

fani, mphepo, liwiro, waya, purosesa, mavoliti, maampu, mawati, madigiri, fumbi

Tichite masamu

1. Pa fani palembedwa 12V 0.25A. Kodi faniyo imadya mawati angati?

2. Malo a pa bolodi amapirira ampu imodzi. Tili ndi mafani atatu, iliyonse ya 0.30A. Kodi onse pamodzi akumwa maampu angati? Kodi apitirira malire?

3. Tisanaike fani, purosesa inali pa madigiri 78. Titaika, ili pa madigiri 66. Kodi kutentha kwatsika ndi madigiri angati?

Tikambirane

1. Kodi mphepo iyenera kulowera kuti ndi kutulukira kuti m'bokosi la kompyuta?

2. Waya wofiira wa fani amalumikizidwa ndi waya wa mtundu wanji wa kabokosi ka magetsi?

3. N'chifukwa chiyani sitiyenera kutsegula kabokosi ka magetsi?

4. N'chifukwa chiyani timalemba kamzere pa chowongolera liwiro?

5. Kodi m'dera lathu muli kompyuta imene anthu ambiri amadalira? Yaikidwa pamalo otani? Ndani amaichotsa fumbi, ndipo amachotsa liti?